Khirisimasi pa sitima ya m'gombe la Norway: yankho kwa mayi ndi mwana wawo

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, Mmalawi mnzathu amene amagwira ntchito ya unamwino kumpoto kwa England. Andilola kuwayankha poyera bola dzina ndisatchule. Chaka chino apatsidwa tchuthi cha Khirisimasi, koma matikiti a ndege opita ku Lilongwe mu Disembala akwera moti a anthu awiri sangawakwanitse. Mwana wawo wamkazi wa zaka 14 anaona zithunzi za ma fjord a ku Norway pa intaneti, ndiye wakhala akuwaumiriza kuti akakwere sitima yapamadzi yodutsa kumeneko. Afunsa kuti: "Kodi tikaonadi zimene zili pa zithunzizo? Kodi panyanja sipoopsa nthawi yachisanu? Nanga tsiku la Khirisimasi lenilenilo likatipeza kuti, sitikakhala ngati amasiye pakati pa madzi?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyambe ndi zimene ogulitsa matikiti safulumira kunena. Zithunzi zimene mwana wanu waona, za mapiri obiriwira, mathithi ndi madzi abuluu pakati, zinajambulidwa mu Juni kapena Julaye. Mu Disembala Norway saoneka choncho, ndipo sitima yotchuka ija silowa n'komwe m'ma fjord a pa zithunzi aja. Ulendowu ine ndimaukonda ndipo ndikufuna mupite, koma ndi ulendo wa mumdima. Mukanyamuka mukudziwa zimenezi mukabwerako okhutira. Mukanyamuka mukuyembekezera za pa zithunzi, ndalama zanu zikakuwawani mumtima.

Kwa amene sanamvepo za malowa, fjord ndi chigwa chakuya chimene madzi oundana a makedzana anakumba pakati pa mapiri, kenako atasungunuka madzi a m'nyanja yamchere analowamo. Yaitali koposa ku Norway ndi Sognefjord, imene imalowa kumtunda makilomita pafupifupi 205, ndipo pena ndi yakuya kupitirira mamita 1,300. Ngakhale dzikolo lili kumpoto kwambiri, nyanja ya m'gombe lake siundana chifukwa kumafika madzi ofunda ochokera kumwera kwa Atlantic. N'chifukwa chake sitima zimayenda chaka chonse.

Sitima imene anthu ambiri amanena ndi ya njira yochokera ku Bergen kukafika ku Kirkenes, kufupi ndi malire a Russia. Inayamba mu 1893, pamene kaputeni Richard With anayendetsa sitima yotchedwa Vesteraalen kuchokera ku Trondheim kupita ku Hammerfest, nthawi imene kalata yopita kumpoto inkatha milungu ili panjira m'nyengo yachisanu. Lero njirayi ili ndi madoko 34. Kupita ndi kubwerera ndi masiku 12, kupita kokha ndi masiku 7. Makampani ake ndi awiri: Hurtigruten, imene yakhalapo kuyambira kale, ndi Havila, imene inayamba mu Disembala 2021 ndipo ili ndi sitima zinayi zatsopano. Onse awiri amayenda njira imodzi, nthawi imodzi, pa pangano ndi boma la Norway, ndipo amasinthana masiku onyamuka ku Bergen cha m'ma 8:30 usiku. Ngati munakwerapo Ilala kuchokera ku Monkey Bay n'kuona mmene anthu a ku Likoma, Chizumulu kapena Usisya amaidikirira ndi katundu wawo, ndiye kuti ntchito ya sitimayi mukuidziwa kale. Ili ndi zipinda zofunda ndi malo odyera abwino, alendo amadzazamo, koma pansi pake imanyamula katundu, magalimoto ndi anthu a m'matauni ang'onoang'ono amene msewu wawo umatsekedwa ndi chipale chofewa.

Chimenechi ndicho chimandikopa ine. Usiku wina ndili pamwamba pa sitima, tinakocheza pa kadoko kena ka kumpoto. Tauni yonse inali nyumba zowerengeka m'tsinde mwa phiri, iliyonse ndi nyenyezi yoyaka pawindo. Chitseko chachikulu cha m'mbali mwa sitima chinatseguka, kagalimoto konyamulira katundu n'kuyamba kulowa ndi kutuluka: mkaka, mbatatesi, mabokosi a positi akutsika, mabokosi a nsomba akukwera. Mtsikana wina wa msinkhu wa ku koleji anatsika ndi chikwama kumsana, m'manja atanyamula thumba la mphatso zokutakuta. Bambo ake anali ataima pafupi ndi galimoto yosazimitsa injini, galu ali pambali akugwedeza mchira. Anakumbatirana, mpweya wawo ukuoneka ngati utsi pansi pa getsi la padoko. Zingwe zinamasulidwa tisanathe n'kumwa tiyi yemwe. Madoko ambiri aang'ono sitima imangoimapo mphindi 10 kapena 15, ndipo mlungu wa Khirisimasi mudzaona anthu otere pafupifupi paliponse, akubwerera kwawo. Kwa munthu amene walephera kupita kwawo zimenezi zimalasa mtima, ndikuuzirenitu. Komanso zimatonthoza.

Tsono za ma fjord. Geirangerfjord, imene ili pa zithunzi zambiri, sitima imalowamo makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Hjørundfjord imalowamo mu Seputembala ndi Okutobala. Trollfjord, kachigwa kopapatiza ka pakati pa Lofoten ndi Vesterålen, m'nyengo yachisanu salowamo chifukwa chipale chofewa chimatha kugumuka m'mapiri n'kugwera pansi mwadzidzidzi. Mu Disembala sitima imayenda m'mphepete mwa gombe, pakati pa zilumba ndi m'mipata ya madzi, ndipo mbali yaikulu ya ulendowo kunja kumakhala bii.

Kuwala ndiko kudzalamulira zonse. Ku Bergen pa Khirisimasi dzuwa limatuluka nthawi ikuyandikira 10 koloko m'mawa n'kulowa cha m'ma 3:30 masana, ndipo mzindawo ndi wamvula kwambiri moti mwina simuliona n'komwe. Ku Trondheim usana ndi maola anayi ndi theka. Mukadutsa Arctic Circle, mzere wa pa mapu umene kumpoto kwake dzuwa limatha kukhala osatuluka tsiku lonse m'nyengo yachisanu, pakati pa madoko a Nesna ndi Ørnes m'mawa wa tsiku lachinayi, usana umangofupikirabe mpaka dzuwa kusowa. Ku Tromsø silituluka kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Musaganize kuti kumakhala mdima wa ndiweyani maola 24. Chapakati pa tsiku kumayera kwa maola awiri kapena atatu, kumwera kumafiira ngati dzuwa lili pafupi kutuluka, mapiri oyera aja n'kusanduka abuluu, nsonga zake zofiirira. Kenako kumadanso dzuwalo osatuluka. Maola amenewo musawatayire kuchipinda kapena pa foni. Dyani msanga, valani, mutuluke panja. Zilumba za Lofoten, zimenenso mwana wanu ayenera kuti anaziona pa zithunzi, sitima yopita kumpoto imafikako usiku: Stamsund cha m'ma 7 koloko, Svolvær cha m'ma 9 koloko. Mudzaona magetsi a padoko ndi mithunzi ya mapiri, osati zambiri.

Ndiye ngati mwanayo mtima wake uli pa fjord yeniyeni, yamakoma a miyala mbali zonse, muipezereni tsiku lake musanakwere sitima yaikulu. Kuchokera ku Bergen kwerani sitima yapamtunda mpaka ku Myrdal, pa mamita 866 pamwamba pa nyanja, musinthire ina yaing'ono imene imatsika makilomita 20 kukafika ku Flåm. Pamenepo pali boti loyenda chaka chonse, maola awiri, kudutsa Aurlandsfjord ndi Nærøyfjord kukafika ku Gudvangen, kumene basi imakutengerani ku Voss kukakweranso sitima yobwerera ku Bergen. Nærøyfjord inalowa pa mndandanda wa malo otetezedwa a UNESCO mu 2005 pamodzi ndi Geirangerfjord, ndipo pamalo ena ndi yopapatiza mamita 250 okha. M'nyengo yachisanu mathithi ambiri amaundana n'kulendewera pa miyala, alendo amachepa, ndipo ena mwa maboti ake ndi oyendera magetsi, sachita phokoso. Sankhani boti la chapakati pa tsiku, chifukwa m'chigwa chakuya chotero kumada msanga kuposa kumtunda. Onaninso ndandanda ya masiku oyandikira Khirisimasi, maulendo amachepa. Ngati tsiku lonse likukuchulukirani, ku Bergen komweko kuli boti la maola atatu kapena kupitirirapo pang'ono lolowa mu Osterfjord kukafika pa mpata wa Mostraumen.

Mwafunsa za kuopsa. Njira yambiri ndi yotetezeka, zilumba zimatchinga mafunde ndipo madzi amakhala bata. Koma pali zigawo zimene sitima imatulukira pa nyanja yosatchingika, ndipo ndi bwino muzidziwe mayina ake kuti muzimwa mankhwala nthawi yake. Choyamba ndi Stad, m'bandakucha wa tsiku lachiwiri, pakati pa Måløy ndi Torvik. Chachiwiri ndi Hustadvika, usiku wa tsiku lomwelo, pakati pa Molde ndi Kristiansund. Kenako Folda madzulo a tsiku lachitatu musanafike ku Rørvik, ndi Vestfjorden, maola pafupifupi anayi kuchokera ku Bodø kupita ku Lofoten. Mukapitirira Tromsø kuli Lopphavet, ndiponso gombe lonse la kum'mawa kwa Finnmark, chigawo cha kumpoto kwenikweni kwa Norway, loyang'anana ndi nyanja ya Barents, kumene kulibe chotchinga. Sindikubisirani kuti madzi amenewa ndi aukali. Pa 23 Malichi 2019 sitima yaikulu ya alendo yotchedwa Viking Sky, mmene munali anthu 1,373, inazima injini pa Hustadvika kuli namondwe n'kuyandikira miyala. Anthu opitirira 400 anachotsedwamo pa helikopita mmodzimmodzi sitimayo isanakokedwere ku Molde. Imeneyo sinali ya njira imene tikunenayi, koma nyanja yake ndi yomweyo.

Akaputeni a njira ya Bergen ndi Kirkenes amadutsa pamenepa mlungu ndi mlungu chaka chonse, ndipo nyengo ikaipa salimbana nayo. Amadikira padoko, kapena amalumpha madoko ena, ndipo nthawi zina sitima imatembenuka isanafike ku Kirkenes. Choncho chimene muyenera kukonzekera kwenikweni ndi nseru komanso kusintha kwa ndandanda. Inu ndi namwino, za mankhwala a nseru sindingakuphunzitseni. Ndingokukumbutsani kuti amagwira mukamwa sitima isanayambe kuvina, ndipo ogwira ntchito m'sitimamo amalengeza nthawi imene mufike pa malo oterewa. Pogula tikiti sankhani chipinda cha pakati pa sitima, chapansi. Chipinda chopanda windo n'chotsikirapo mtengo, ndipo mu Disembala windo lingakuonetseni chiyani? Ndalamayo isungeni.

Tifike pa funso limene ndikuona kuti ndilo likukuvutitsani, la tsiku la Khirisimasi.

Ku Norway tsiku lalikulu ndi 24 Disembala, osati 25. Masitolo amatseka masana pa 24, ndipo pa 25 ndi 26 amakhala otseka. Mapemphero ambiri amachitika masana a pa 24, kenako 5 koloko madzulo mabelu a matchalitchi amalira kulengeza kuti Khirisimasi yalowa, aliyense n'kutsekera m'nyumba ndi banja lake. Misewu imachita zii. Mlendo amene ali pa hotela tsiku limenelo amasowa ngakhale pogula chakudya, ndipo umasiye umene mukuuopawo ndi pamenepo ungakugwireni. Pa sitima n'zosiyana. Anthu onse muli pamodzi, ogwira ntchito nawonso ali kutali ndi mabanja awo, mtengo wa Khirisimasi waimikidwa, chakudya chaphikidwa, ndipo kumakhala kuimba. Mwa mwambo wa njirayi, sitima zimaima padoko kuyambira pa 24 kufika pa 25 kuti anthu apite kutchalitchi ndipo antchito apumeko. N'chifukwa chake tsiku limene munyamuke ku Bergen ndilo lidzasankhe tauni imene mudyere Khirisimasi, ndipo apa ndi pamene muyenera kuwerengera bwino.

Mukanyamuka pa 22 Disembala usiku, pa 23 mutandala ku Ålesund, kumene sitima imaima nthawi yaitali m'nyengo yachisanu. Ndi tauni imene inapsa pafupifupi yonse mu 1904 n'kumangidwanso ndi nyumba zamiyala zokongola. Pa 24 m'mawa mufika ku Trondheim. Ine ndikanasankha imeneyi. Kumeneko kuli Nidarosdomen, tchalitchi chachikulu chamiyala chimene chinamangidwa pa manda a mfumu Olav, amene anaphedwa pa nkhondo ya ku Stiklestad mu 1030. Ndi cha mpingo wa Lutheran, ndipo mapemphero a tsikulo amadzaza, choncho kafikeni msanga. Ngati ndinu a Katolika, tchalitchi cha St. Olav chili pafupi pomwepo. Mapemphero ndi a m'chinenero chawo, koma nkhani ya pa Luka 2 muitsatira, ndipo nyimbo zina muzizindikira kamvekedwe kake. Mukatuluka, dutsani pa manda. Anthu a ku Norway amayatsa makandulo pa manda a abale awo madzulo a Khirisimasi, banja lonse kupita limodzi ndi ana, asanakadye. Musamumane mwana wanu zimenezi. Mukanyamuka pa 20, pa 24 masana mukhala mukufika ku Tromsø. Kuwerengeraku ndikutsatira ndandanda ya nthawi zonse, choncho musanalipire lemberani kampaniyo imelo muwafunse mwachindunji kuti sitima yonyamuka tsiku lakuti ikhala pa doko liti usiku wa pa 24, ndipo iima maola angati. Safunsa anadya phula.

Mpunga wa nkhuku musauyembekezere. Pa gome padzakhala ribbe, nthiti za nkhumba zowotcha mpaka chikopa kuuma n'kumalira mukachiluma, ndi pinnekjøtt, nthiti za nkhosa zothira mchere n'kuumitsa, kenako kuviika m'madzi ndi kuphika ndi nthunzi, zimene anthu a dera la Bergen amazikonda kwambiri. Mcherewo ndi wambiri, ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi idyani pang'ono. Padzakhalanso lutefisk, nsomba youma yoviikidwa m'madzi a chidulo mpaka kuterera. Ilaweni kachidutswa, ngakhale eni ake ena saikhudza. Mbatatesi yophika ili pa chakudya chilichonse, ndipo nsomba ya m'nyanja yaiwisi yophika bwino imapezeka tsiku ndi tsiku. Chimene chidzasangalatse mwana wanu ndi phala la mpunga limene amabisamo mtedza umodzi wa almond, ndipo woupeza amalandira mphatso, kawirikawiri kankhumba kopangidwa ndi switi. Kumudzi mudzatha kuimbako bwinobwino, chifukwa sitima imayenda kufupi ndi mtunda ndipo netiweki imapezeka mbali yaikulu ya njira. Nthawi ya ku Malawi imakhala patsogolo ndi ola limodzi lokha.

Anthu ambiri amapirira mdima wonsewu chifukwa cha kuwala kwa aurora, kuja kobiriwira kumene kumavina kuthambo usiku. Kumachitika pamene tizidutswa tochokera ku dzuwa tawombana ndi mpweya pa mtunda wa makilomita 100 kapena kupitirira, ndipo kumaoneka kwambiri kuyambira cha ku Bodø kupita kumpoto. Dera la Tromsø ndi limodzi mwa malo abwino koposa. Chimene chimasokoneza ndi mitambo, ndipo m'gombe mu Disembala mitambo ndi yambiri. Mutha kuona usiku woyamba, mutha kudikira masiku anayi, muthanso kubwerera osaona. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kukaoneka ogwira ntchito amalengeza, ndipo mutha kupempha kuti uthengawo uzifika m'chipinda chanu ngakhale pakati pa usiku. Muzigona zovala zofunda zili pafupi ndi bedi, chifukwa nthawi zina kumangokhala mphindi zochepa. Mumuuzenso mwanayo kuti kamera imakometsera. Diso nthawi zambiri limaona ngati mtambo wotuwa wobiriwira pang'ono, pokhapokha usiku umene kwabwera mwamphamvu, pamene thambo lonse limagwedezeka ndipo anthu pa sitima amasowa chonena. Makampani onse awiri amalonjeza ulendo wina waulere ngati aurora sanaoneke, koma lonjezolo ndi la ogula ulendo wonse wopita ndi kubwerera, ndipo lili ndi malamulo ake.

Kodi mufike mpaka ku Kirkenes? Kwa inu ndi mwana, ulendo woyamba, ine ndikuti tsikirani ku Tromsø. Mukhala mutadutsa Arctic Circle, kumene pa sitima amachita kamwambo kothira madzi oundana m'khosi mwa amene afuna, mwaona usana wopanda dzuwa, ndipo mwapewa nyanja ya Barents. Ku Tromsø gonani masiku awiri, muone tchalitchi choyera cha makona atatu cha mu 1965 kutsidya kwa mlatho, ndipo ngati aurora sanaoneke pa sitima, kuli magalimoto amene amatenga anthu usiku kupita kumtunda kumene kulibe mitambo. Kuchokera kumeneko ndege zilipo zopita ku Oslo tsiku lililonse. Kupitirira Tromsø kuli zake zabwino. Ku Honningsvåg mabasi amapita ku Nordkapp, phompho lotchuka loyang'ana nyanja kumpoto kwenikweni kwa Norway, nthawi zambiri atandondozana kumbuyo kwa galimoto yokankha chipale chofewa, ndipo mphepo ikakula ulendowo umalephereka. Mudzaonanso kuti m'matauni a ku Finnmark nyumba zakale n'zochepa, chifukwa asilikali a Germany anatentha mbali yaikulu ya chigawocho pothawa mu 1944 ndi 1945. Ku Hammerfest kunangotsala kachalitchi ka kumanda. Koma masiku awiri owonjezerawo ndi amdima kwambiri, ozizira kwambiri, amafunde kwambiri, ndipo mwana wa zaka 14 atha kutopa nawo.

Pa za mtengo sinditchula nambala chifukwa imasintha ndi tsiku. Dziwani kuti pali njira ziwiri zogulira. Pali tikiti ya ulendo wa alendo, yophatikiza chipinda ndi chakudya katatu pa tsiku, ndipo pali tikiti ya doko ndi doko imene eni dziko amagula, pamene chipinda ndi chakudya mumasankha panokha. Yerekezani zonse ziwiri pa makampani onse awiri. Norway ndi dziko lodula, ngakhale kwa munthu wolandira mapaundi, ndipo chakudya chogula pachokha pa sitima chimatha ndalama msanga. Pa ulendo wa masiku angapo wodutsa Khirisimasi, pamene masitolo akumtunda ndi otseka, tengani tikiti yokhala ndi chakudya. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, nyamulani botolo. Ndalama yawo ndi kroner, koma khadi ya kubanki imagwira paliponse. Maulendo apadera a kumtunda amene amagulitsa pa sitima ndi odula. Ku Ålesund ndi ku Trondheim mutha kuyenda wapansi nokha, bola muziyang'ana wotchi chifukwa sitima sidikira munthu.

Zovala musagule zambiri, gulani zoyenera. Chisanu cha ku Bergen sichisiyana kwenikweni ndi chimene mukuchidziwa kumene muliko, ku Tromsø kumatsika pang'ono pansi pa ziro, ku Kirkenes kumatha kufika pa madigiri 20 pansi pa ziro. Chovuta pa sitima ndi mphepo. Chovala chokhudza khungu chikhale cha ubweya wa nkhosa, osati thonje, chifukwa thonje likanyowa ndi thukuta limazizira. Pamwamba pake juzi, kenako jekete yosalowa mphepo ndi madzi, chipewa chophimba makutu, magolovesi okhuthala ndi masokosi a ubweya. Musaiwale tizitsulo ta mphira tomangirira pansi pa nsapato, timene amati brodder. Misewu ya m'madoko imaundana n'kuterera, ndipo kuthyoka dzanja pa tchuthi ndi chinthu chimene inu mumachiona kuntchito. Timagulitsidwa m'masitolo a ku Bergen. Gulaninso kachinthu konyezimira kolendewera pa jekete kuti oyendetsa galimoto azikuonani mumdima, eni dziko amavala.

Ngati mutawerenga zonsezi mukuona kuti mdimawu si wanu, njira zilipo ziwiri. Ina ndi kusunga ndalamazo mpaka Juni, pamene sitima yomweyi imalowa mu Geirangerfjord ndipo kumpoto dzuwa sililowa. Inayo ndi ya ku Chile, kumene Disembala ndi chilimwe, ndipo sitima ya kampani ya Navimag imayenda masiku atatu kapena anayi m'ma fjord a Patagonia kuchokera ku Puerto Montt kupita ku Puerto Natales. Kungoti tikiti ya ndege yokafika kumeneko ingakufikitseni ku Lilongwe, ndiye sindikuona chifukwa.

Mukatsimikiza mtima, yambani ndi viza. Ngati inu ndi mwana muli ndi mapasipoti a Malawi, chilolezo chokhala ku Britain sichikulowetsani ku Norway. Dzikolo silili mu European Union koma lili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, choncho mufunika viza ya Schengen, ndipo mutha kufunsira muli ku Britain komweko. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake ndi 90 euro pa munthu wa zaka 12 kupita m'mwamba, osawerengera ndalama ya ofesi yolandira mapepala. Amafuna inshulansi ya zachipatala yosachepera 30,000 euro, pasipoti yokhala ndi miyezi itatu kapena kupitirira kuchokera tsiku lotuluka m'dzikolo, umboni wa ntchito ndi wa kubanki, ndiponso ndondomeko ya ulendo. Popeza mwana akuyenda ndi kholo limodzi, konzani setifiketi yake yobadwira ndi kalata yovomereza ya bambo ake, kapena chikalata chosonyeza kuti udindo wonse uli pa inu. Yankho limatenga masiku 15 kawirikawiri, koma tsiku lokapereka mapepala limasowa Khirisimasi ikamayandikira, ndipo malamulo amalola kufunsira miyezi 6 ulendo usanafike. Sitima yapamadzi yochokera ku Newcastle kupita ku Bergen inasiya mu 2008, ndiye mupita pa ndege, ndipo zolunjika ku Bergen zilipo kuchokera ku London ndi Aberdeen. Kafikeni pa 20, pa 21 mukhale ku Nærøyfjord, pa 22 usiku mukwere sitima. Ndege yobwerera musaiike tsiku lomwe mutsike ku Tromsø, ndipo kuntchito muwauze kuti muyamba patapita tsiku limodzi kapena awiri mutabwerako, chifukwa namondwe akachedwetsa sitima palibe amene angaifulumizitse.